Khosi la Che Amidu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chothawa khasu. Kwathu ndi kutsidya kwa malire, kufupi ndi Fort Jameson, ndipo ku Nyasaland ndinabwera nkhondo yachiwiri itangotha, kudzaphunzira uphunzitsi pa sukulu ina ya mishoni chakufupi ndi Balaka. Tchuthi chachikulu chitafika, anzanga anamanga mitolo ulendo kumakwawo. Ine ndinauza aliyense kuti kwathu n'kutali, zomwe zinali zoona, koma chenicheni chinali chakuti kumeneko kunkandidikira munda wa amalume woti ndikasose. Ndinali nditamva kuti kuchigwa cha Shire njovu zimadutsa pamsewu masanasana, ndipo ndinkafuna kuti tsiku lobwerera kwathu ndidzakhale ndi nkhani zoti anyamata andizungulire pabwalo. Ndinanyamula bulangeti ndi kachikwama, n'kuyamba wapansi kulowera ku Liwonde.

Ndisanafike padoko ndinapeza msewu atautchinga ndi mtengo. Amuna awiri onyamula timaukonde ting'onoting'ono anandiimitsa, nayamba kundizungulira, kundiyang'ana kumsana, kusuzumira pansi pa chikwama. Ndinaseka. Amuna akuluakulu, ndevu pepeya, kusaka ntchentche pamsana pa mlendo. Pamthunzi panakhala bambo wina wamtali, wovala kofia yoyera, mfuti ataigoneka pamiyendo. Anandiyang'ana mpaka kuseka kunandithera.

"Mano mwaonetsa, ndi abwino," anatero. "Nanga manambala mumatha kulemba?"

Amenewo anali Che Amidu, kapitawo wa gulu logwira akashembe. Mlembi wawo anali atapita ku Joni, ndipo ankafuna munthu wogwira pensulo kufikira mvula itayamba. Ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti kashembe amatani. Safunsa anadya phula, koma pa msinkhu umenewo phula limakoma.

Kashembe ndi wamkulu pang'ono kuposa ntchentche ya m'nyumba, wotuwa, ndipo akatera amasanjikiza mapiko ngati sizasi yotseka. Akaluma umachita ngati wina wakubaya ndi singano yowotcha pamoto, ndipo malaya amaboola. Ng'ombe amazipha. Munthu amam'patsa kaodzera, nthenda imene imayamba ngati malungo wamba, mutu kuwawa, thupi kutentha, kenako mwanabele kutupa kuseri kwa khosi. Ikapezeka pamenepo, jakisoni wa kuchipatala ankachiza. Ikakwera n'kulowa m'mutu, munthu amayamba kugona masana, kuiwala, kupsa mtima popanda chifukwa, ndipo masiku amenewo ochira anali ochepa. A boma ankafuna kudziwa kumene akashembe achuluka kuti aone kodula mitengo ndi kosamutsa anthu, ndiye ife tinali maso awo m'tchire.

Msasa wathu unali m'munsi mwa mapiri a Kasupe, pakati pa mitengo ya tsanya. Tinalipo anayi. Che Amidu ankatsogola ndi mfuti ndi wezulo. Ine ndinkawatsata pambuyo penipeni, pepala nditalipanikiza pakathabwa. Kumbuyo kwanga kunkabwera Che Jafali, Myao wofatsa wa kwa Kawinga, ndi a Muhiwa, Mlomwe wa Chikatolika amene kolona sinkachoka m'khosi mwake. Awiriwa ankasenza nsungwi yaitali pamapewa, pansungwipo atalenjekapo nsalu yakuda, chifukwa kashembe amakonda chinthu chakuda choyenda. Njira zathu zinali mizere yolambulidwa m'tchire, ndipo mitengo ina ya m'mbali mwake inali yopakidwa utoto woyera ndi nambala. Tikafika pamtengo wotere Che Amidu ankaimba wezulo, tonse n'kuima chilili. Akashembe otera pansalu ndi pamisana pathu ankawakola ndi kaukonde ka waya, kuwagwira ndi zala ziwiri, kuwatembenuza chagada n'kuyang'ana kumapeto kwa mimba, pakuti wamphongo ali ndi kachotupa pamenepo. "Wamphongo, wanjala." "Wamkazi, wokhuta." Ine ndinkalemba. Akatero ankamufinya mutu n'kumuponya m'chitini.

Lamulo lalikulu linali lakuti kashembe saombedwa mbama. Akatera pa iwe, ima, luma mano, dikira mwini ukonde. Tsiku loyamba ndinadziomba pakhosi mosaganiza, ndipo Che Amidu sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Mwalimu, mwapha ntchito ya boma. Lembani kuti mmodzi wadyedwa ndi aphunzitsi." Kuyambira pamenepo dzina langa linali Mwalimu.

Njovu ndinazionadi, ndi njiri zothamanga michira ili m'mwamba, ndi mvuu pamene mzere unkafika kumadzi. Koma chimene chinandikhala mumtima si nyama. Mzere wina unkadutsa pabwinja la mudzi umene anthu anausiya chifukwa cha kaodzera. Mango ankagwa okha n'kuolera pansi, mtondo uli chigonere pakhomo la nyumba yopanda denga, ndipo kuseri kwa mudziwo kunali mitumbira yambiri kuposa nyumba. Tikafika pamenepo Che Jafali ankanong'ona pemphero la Chiarabu, a Muhiwa ankagwira kolona, ndipo akashembe ankachuluka pansalu mpaka pepala langa kudzaza.

Chifukwa cha nthendayi panali mwambo wa m'mawa uliwonse. Che Amidu ndi Che Jafali akatha swala, pemphero lawo la Chisilamu, tonse tinkaima pamzere, kumasula mabatani a kukhosi. Che Amidu ankabwera kumbuyo kwa munthu, kuika chala chachikulu kuseri kwa khutu, n'kutsika nacho pang'onopang'ono mpaka paphewa, mbali zonse ziwiri. Akatha ankakuyang'ana m'maso n'kufunsa ngati mutu ukuwawa. Luso limeneli analitenga ku usilikali, ndipo ankati chaka chapitacho anapeza mwanabele pa mnzawo wina, n'kumutumiza kuchipatala tsiku lomwelo, moti pa nthawiyo munthuyo anali moyo, akusoka zovala ku Ntaja. Zala zawo zinali zouma ngati chikopa, koma zikachoka pakhosi pako n'kumva akuti "Pita", tsiku lonse unkayenda mopepuka.

Tsiku lina tikutunga madzi ndinafunsa a Muhiwa kuti, "Nanga a kapitawo amawagwira ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Khosi la munthu wamkulu? Kwanuko mumagwira makosi a abambo anu?"

Kwathunso sitinkatero. Mwana sadutsa kumbuyo kwa mkulu ali chikhalire, sakhudza mutu wake, samuyang'anitsitsa. Mzungu woyang'anira ntchitoyo ankabwera mwa apo ndi apo pa lole, kudzatenga mapepala ndi zitini, ndipo iyeyo ankayang'ana akashembe akufa, osati anthu. Choncho mumsasa monse munali khosi limodzi lokha losagwidwa, ndipo linali la munthu amene ankayenda patsogolo, amene kashembe aliyense wanjala ankayamba kukumana naye.

Zinayamba pang'onopang'ono. Che Amidu anayamba kumanga kansalu m'mutu pansi pa kofia, n'kumamwa kwinini. Munthu amene sankakweza mawu anakalipira a Muhiwa koopsa chifukwa cha chikho chogwa pansi, ndipo pasanapite nthawi anali akuseka okha. M'bandakucha wina Che Jafali anaswali okha, a kapitawo ali m'bulangeti, ndipo palibe ananenapo kanthu. M'mawa womwewo, pamzere, zala za Che Amidu zinafika pakhosi panga zikutentha. Zinatsika mpaka pakati, n'kuima. Ndinadikira. Nditacheuka pang'ono ndinaona kuti maso awo ndi otseka. Anali atagona chiimire, dzanja lili pakhosi panga.

Poti ine ndinkayenda kumbuyo kwawo tsiku lonse, khosi lawo ndinkalidziwa kuposa nkhope yawo. Kuseri kwa khutu, pamene kansalu kankathera, panali potupa ngati mtedza uli m'khoko. Ndinawauza Che Jafali.

"Mwalimu, inu lembani ntchentche zanu," anandiyankha motsitsa mawu. "Che Amidu anaona nkhondo. Thupi lawo akulidziwa. Iwo ndi amene anatiphunzitsa ife zimenezi, ndiye ife tikawauze chiyani?"

Ndinayesa njira ya ulemu. Madzulo ndinawapititsira madzi Che Amidu, ndinagwada, ndinafunsa mozungulira ngati thupi lili bwino, n'kutchulako kuti lole ikabwera mwina angakwere akaonane ndi adokotala. Anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Malungo a chilimwe awa. Mwabwera kudzaphunzira m'dziko muno, kapena kudzaphunzitsa?" Ndinabwerera pamalo panga mtima ukuwira. Ndinkawakonda bambo amenewa, ndipo ndinkawaopa, ndipo zonse ziwirizi zinkandimanga manja chimodzimodzi.

Tsiku lovutalo tinatenga mzere wautali kuposa yonse, wopita kumtsinje. Dzuwa linali lija limachita kuphwanya mutu, nyenje zikulira mpaka m'makutu kugontha. Tinayenda bwino chakum'mawa. Kenako tinafika pamtengo wa utoto woyera, ndipo wezulo sinalire. Ndinaima, poganiza kuti aiwala, koma iwo anapitirira. Tinadutsa mtengo wina, chimodzimodzi. Pang'ono pokha anapatuka, kusiya mzere wolambula, n'kulowa m'udzu wautali wofika m'mapewa. Ndinacheuka. Che Jafali anayang'ana pansi, a Muhiwa anayang'ana kumwamba, ndipo tonse tinawatsatira, chifukwa kapitawo akapatuka anthu ake amapatuka.

M'udzumo munkanunkha khola. Ndowe za njati zinali ponseponse, zina zikadali zofunda, ndipo udzu unali wogonagona pamene zinapumulapo. Tinayenda nthawi yaitali osadziwa kumene tikupita. Potsiriza tinatulukira pamlambe waukulu. Che Amidu anakhala pansi n'kutsamira tsinde, mfuti pamiyendo. Anatulutsa kachidutswa ka chinangwa m'thumba, anakaika m'kamwa, ndipo asanatafune anagona. Chinangwacho chinangotsala pamilomo. Akashembe amene tinabwera nawo pansalu anayamba kuwatera, wina patsaya, wina pachikope penipeni, akumwa mpaka mimba kufiira. Nkhope yawo sinagwedezeke.

"Atopa," anatero Che Jafali. "Tiwadikire adzuke."

Apo ndi pamene ndinapsa mtima. Tinali amuna atatu amaso, tikuonerera munthu akutha, ndipo chimene tinkasamala n'chakuti tisamulakwire. Ndinaika kathabwa pansi. A Muhiwa anandigwira mkono, ndinawakutumula. Ngakhale pamenepo mwambo sunandichoke, moti ndinayamba ndagwada n'kuomba m'manja, ngati munthu wogonayo angandimve. Ndiyeno ndinasuntha kansalu kaja, ndinaika chala kuseri kwa khutu lawo. Khungu linkatentha ngati mwala wa padzuwa. Zotupa zinalipo, zolimba, zondondozana mpaka m'munsi.

Sindinaone m'mene mfuti inanyamukira. Ndinangomva chitsulo chikundigunda pachifuwa. Maso awo anali otseguka, koma munthu amene ankandiyang'ana m'masomo sankandidziwa. Ankayankhula mofulumira m'Chiyao, kusakaniza ndi mawu a ku usilikali, chala chili poombera mfuti. Ndinaganiza za amayi anga, kuti adzamva bwanji zakuti mwana amene anapita kukaphunzira anafera pansi pa mlambe chifukwa cha ntchentche.

"Che Amidu," anatero Che Jafali chapansipansi, akuyandikira chokwawa. "Che Amidu, ndi Mwalimu uyo. Mwana wanu uyo. Mwalimu wa pensulo."

Anabwereza kangapo. Pang'onopang'ono nkhope ija inayamba kubwerera mwini wake. Mfuti inatsika. Analavula chinangwa, anayang'ana mlambe, udzu, ife, ndipo ndinaona kuti sakudziwa kuti tafika bwanji pamenepo.

"Mwandigwira," anatero.

"Inde, bambo."

"Mwapeza chiyani?"

"Mwanabele. Mbali iyi yokha ndi imene ndagwira."

Kenako anavula kofia, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, n'kuweramitsa mutu. "Gwirani inayo. Iyayi, osati ndi nsonga za zala ngati mukusankha nyemba. Chala chachikulu. Tsikani nacho pang'onopang'ono." Ndinachita monga ananenera, ndipo kumenekonso zinaliko.

"Ine ndimagwira m'mawa uliwonse," anatero. "Dzanja langa limati ndi mtsempha chabe. Dzanja la munthu limanama pakhosi pake." Anatembenukira kwa Che Jafali, mnzawo wa zaka zambiri, amene ankaswali naye pamkeka umodzi. "Jafali, iwe unaona?"

Che Jafali anangokhala akufukula dothi ndi kamtengo.

Atayesa kuimirira, miyendo inakana. Panalibe china chowanyamulira koma nsungwi ija ndi nsalu yakuda. Tinamanga nsonga za nsaluyo kunsungwi ndi luzi, tinawagoneka m'menemo, n'kuyamba kubwerera potsata udzu umene tinaugwetsa pobwera. Ndiye kuti munthu wodwala kaodzera tinamukulunga m'nyambo ya akashembe. Anabwera ngati aitanidwa. Ankatera pansalu, kuboola, kumwa, kenako n'kuulukira pa ife, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo lake koma palibe analitchula. Lamulo la mbama linathera pomwepo. Awiri ankasenza, wachitatu ankayenda pambali akukupiza nthambi ya masamba, tikusinthana. Mfuti anaikoleka a Muhiwa, amene chibadwire anali asanaombepo.

Pamalo ena udzu unatseguka, ndipo njati zinali poteropo, zitaima, mitu ili m'mwamba, zikutiyang'ana. Sitinathamange, poti ndi katundu wotere sungathamange. Tinadutsa pang'onopang'ono, nsungwi ikulira paphewa, ine ndikumva maso a nyamazo kumsana. Yaimuna ina inatitsatira pang'ono, n'kuima. Titaona mtengo woyamba wa utoto woyera, a Muhiwa anaupsompsona. Pamsewu tinafika dzuwa litapendeka, mapewa atasupuka, ndipo mwayi wake panadutsa lole ya thonje imene inatitenga mpaka kuchipatala.

Kumeneko Che Amidu anawabaya chala n'kupaka magazi pakagalasi. M'mawa mwake anawapinda msana n'kutengamo madzi ndi singano yaitali. Wothandiza dokotala, bambo wachikulire wa imvi, anatitengera pakhonde. "Yalowa m'mutu," anatero. "Munali kuti masiku onsewa? Munthu uyu sanayambe dzulo." Ifenso anatibaya zala, natiuza kuti tizibwera kudzapimitsa. Kwa milungu ingapo mutu ukangondiwawa pang'ono ndinkatuluka thukuta la mantha, koma mwa ife atatu palibe anadwala.

Sukulu itatsegulidwa ndinapempha chilolezo ndikawaone Che Amidu. Ndinawapeza ataonda, ali m'tulo, akazi awo atakhala pambali ndi supuni ya phala imene inalibe kolowa. Mayiwo anandiuza kuti ulendo womaliza umene bambowo anabwera kumudzi anagona pakhonde alendo ali pomwepo, ndipo iwo anaona kutupako powapatsa madzi osamba. "Koma ine munthu wamkazi ndikananena chiyani?" anatero. Che Amidu anamwalira mvula yoyamba itangogwa.

Kumaliro sindinafike, poti Asilamu sachedwa kuika. Ndinapita ku sadaka, wapansi, kukwera mapiri a Kasupe, kudutsa Ntaja mpaka kumudzi kwawo kwa Kawinga. Anthu anali ambiri. Shehe atatha mapemphero, mkulu wawo wa malemuwo anaimirira kuthokoza. Anathokoza achibale, anathokoza amzikiti, kenako anafika pa ife.

"Anzake a kuntchito anamusunga m'bale wathu ndi ulemu," anatero. "Mpaka tsiku lomaliza palibe anamuyankha mwano. Tamva kuti mnyamata mmodzi anamugwira pakhosi ngati mbuzi ya pamsika. Ameneyo tamukhululukira. Ndi mlendo, wachokera kutali, mwambo wa kuno saudziwa."

Anthu ananditembenukira mwachifundo. Ndinaomba m'manja kulandira chikhululukirocho, pakuti pamaliro sutsutsa. Koma mpunga umene anatiikira ndinangoulawa n'kuusiya. Che Jafali, amene anakhala pafupi nane, sanautenge n'komwe.

Pobwerera anandiperekeza. Tinayenda mtunda, kudutsa minda imene chimanga chinali chitangomera. Titafika pamene mudzi sunkaonekanso, anaima, anayang'ana uku ndi uku, navula kofia. Bambo wa msinkhu wa atate anga anandifulatira n'kuweramitsa mutu.

"Mwalimu, tagwirani," anatero. "Musagwade."

Ndinagwira, ndi chala chachikulu, mbali zonse ziwiri. Panalibe kanthu. Ndinawauza, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaima pambali mpaka atatha kulira.

Ndaphunzitsa zaka zambiri chichokereni kumeneko, kuno ndi kwathu komwe, ndipo mbiri yanga m'masukulu onse ndi yakuti ndine wamwano. Ndinauzapo mkulu wa sukulu kuti chifuwa chake si cha choko. Ndinauzapo apongozi anga kuti bala la pamwendo wawo likununkha. Ena anandida, ena anapita kuchipatala, ena anachita zonse ziwiri. Kugwada ndimagwadabe, ndipo m'manja ndimaomba monga anandilerera. Koma ndikaona chinthu pa munthu wamkulu ndimachinena tsiku lomwelo, iye akumva, chifukwa ndinaonapo amuna abwino akulemekeza mnzawo mpaka kumanda.